Kope la Agogo Evaristo

Tinalipeza Lachinayi, maliro atatha,
pansi pa nsapato za anthu amene sanabwere kudzazitenga.
Kope la ngongole, tinaganiza.
Koma munali mayina okhaokha, opanda ndalama pambali.

Poyamba Clorinda, mkazi wawo.
Ana asanu. Zidzukulu tonsefe,
ine kawiri, chaka chija ndinathawa sukulu
n'kumakagona kudoko ndi asodzi.
Kenako anthu osawadziwa:
dalaivala wa basi wodwala chifuwa,
mtsikana wogulitsa buledi pamsika,
munthu amene anawabera nyundo.

M'bandakucha, nkhungu itakuta Valparaíso,
ankagwada m'fungo la zikopa ndi guluu,
mawondo akulira ngati chitseko chadzimbiri,
n'kumamuwerengera Mulungu mayinawo
limodzilimodzi, ngati oopa kuti angaiwale wina.

Usiku wa chivomezi, mbale zikusweka,
anatiunjika pakhomo n'kuyambitsa salimo.
Kuimba sankatha, tchalitchi chonse chinkadziwa,
komabe tinasiya kulira.

Masitepe zana ndi makumi anayi opita kuphiri
ankawakwera Lamulungu lililonse
mpaka mapapo anakana.

Sanali mngelo ayi.
Ankakalipira wailesi timu yawo ikagonja,
ankabisa maswiti m'sokosi dokotala ataletsa.

Ndafufuza tsamba ndi tsamba,
dzina lawo mulibe.
Ndiye ndatenga pensulo yawo yotafunidwa kunsonga,
ndalemba pansi penipeni: Evaristo.
Zilembo zanga n'zokhota,
koma Wowerengayo anazolowera kale kopeli.