Kadontho Kophethira

Ku Domwe, Lachitatu, mphepo ya Juni ikuluma makutu,
aphunzitsi Anastazia Kamtedza anayala mapu pansi
napsinja ngodya zake ndi miyala inayi.
"Kumpoto ndi kumutu kwa pepala.
Chala chimodzi apa ndi ulendo wa tsiku lathunthu."

Zakeyu anaseka: "Ndiye kwa amalume ku Ulongwe
n'kongodumpha ngati utitiri!"

Tinaphunzira kuti mizere yothithikana ndi phiri,
kuti buluu ndi madzi,
ngakhale mtsinje wathu ndi wofiira.
Ine ndinasaka mudzi wathu mpaka chala chinada.
Panali poyera.

Masana anatulutsa foni yong'aluka galasi.
"Kumwambaku kuli makina ozungulira dziko.
Sakudziwa dzina lako,
koma amauza foni pamene waima."
Kadontho kanaphethira. Tikasuntha, nako kasuntha.

Tinakanyamula ngati mwanapiye
kudutsa m'minda ya mbatatesi,
pa kamlatho ka mitengo iwiri pomwe njinga ya bambo inagwera,
pachigayo, pamjigo wakufa.
Paliponse ankati, "Ima. Lemba."

Pofika pakhomo pathu moto wa foni unali utatsala pang'ono.
"Dzina la malo ano, Felizarda?"
Ndinalemba, chala chikunjenjemera,
mayi ali chiimire ndi khasu paphewa,
akufunafuna makinawo m'mitambo.