Womasulira wa mu Khoti Lachitatu

Pakamwa panga ndi mlatho wa pa Mudi:
mawu a woweruza amawolokapo atavala jekete,
a woimbidwa mlandu amawoloka chosavala nsapato.
Zaka khumi ndi zinayi ndikuima apa,
pakati pa tebulo lalitali ndi bokosi,
kumezera anthu ena malovu.

Lero ndi Lufeyo Mataka wa ku Mbayani.
Akuti malata awiri anasowa pabafa la alandilodi.
Tsiku loyamba anabwera ndi masaya,
malaya akumuthina m'mapewa.
Pano kolala ikulendewera ngati yobwereka,
mphere za ku Chichiri zamanga misasa pakati pa zala zake.

"Fayilo sikuoneka, bwana."
Woimira boma akulankhula maso ali pansi.
Wapolisi wofufuza anamusamutsira ku Mwanza,
mboni yasowa ya minibasi,
galimoto ya akaidi dzana inalibe mafuta.
Zonsezi ndizimasulire ine.
Lufeyo sayang'ana woweruza, amayang'ana ine,
poti mawu oti "mlandu waimitsidwa"
amawamva akutuluka m'kamwa mwanga.
Kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi tsopano.
Kwa iye, boma ndine.

Kumbuyo pabenchi mlongo wake Dorofe
wafumbata jumbo la mbatata yootcha.
Anagulitsa mbaula ndi wayilesi kuti akwanitse za belo,
koma anamuuza kuti pakufunika achibale awiri a pantchito yolembedwa.
Kwawo onse ndi a ganyu.

Kuseri kwa khomali kuli mlandu wina,
wa ndalama zomwe manambala ake
sindingawatchule m'Chichewa osapumira panjira.
Mwini wake sanabwere, kwabwera kalata ya dokotala,
maloya atatu ndi fungo la pefyumu.
Kumeneko safuna womasulira.
Amamvana okhaokha.

Lufeyo wakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.
"Afunseni," akutero, "ndikangovomera, ndituluka liti?
Mnzanga wa m'selo anavomera mbuzi,
anagwira miyezi isanu ndi umodzi, pano ali kwawo ku Lunzu.
Ine wokana ndikulowa chaka chachitatu.
Sindinabe, koma lembani kuti ndinaba."

Ndinalumbira nditagwira Baibulo
kuti sindidzawonjeza kapena kuchotsa.
Ndiye ndawanyamula mawu ake onse,
ngati madzi m'manja,
kupita nawo kutebulo lalitali.
Woweruza, mayi wotopa ngati ife tomwe,
wavula magalasi, watikita m'maso,
wafunsa kalaliki tsiku lopanda milandu yambiri.
Palibe.
Cholembera chayenda pang'ono.
Pa twente-seveni mwezi wa mawa.

Unyolo walira. Dorofe wathamangira kukhonde,
mbatata waipereka kwa wapolisi kuti ailawe kaye.

Madzulo pa Jinale Kona kondakitala akukuwa Chilobwe,
ndadzipanikiza pa mpando wa anthu anayi.
Mvula yandipeza ndikutsegula chitseko.
Mwana wanga Tiyanjane ali pa kope:
"Adadi, chilungamo pa Chingerezi ndi chiyani?"
Liwulo ndimalidziwa,
ndimalitchula kambirimbiri pa sabata.
Ndamuuza adikire ndivule nsapato.

Usiku wonse denga likulira.
Ndagona chagada, ndikuwerenga malata anga
kuyambira kukhomo mpaka kuzenera,
ndipo ndikafika pa awiri
ndimayambiranso.