Cholembera Chofiira

Pamtanda panu alemba kuti "Nachisare."
Wolembayo ndi mnyamata wa konkuno ku Mabvuku,
lilime lake silidziwa "l" wakwathu.
Mukanaona, amayi, mukanazunguliza mzere wofiira
n'kumuuza: "Kalembenso, kasanu."

Zaka makumi atatu ndi ziwiri,
fumbi la choko m'zikhadabo,
fumbi la simenti pa zovala zanu pachingwe.
Ana a Giredi 3 ku Tafara anakula.
Ena ndi makondakitala a makombi tsopano,
ankakana ndalama yanu mpaka m'tauni,
inu n'kumawakalipira za malaya osapisira.

Kusukulu Chishona ndi Chingerezi.
Mukatseka geti: "Muno tiyankhula chathu."
Ife tinkaseka.
Ku Dedza kwanuko tinali tisanapondeko.

Loweruka, pansi pa mtengo wa mapeyala,
madala opanda zitupa ankakhala pabenchi
inu mukuwalembera makalata opita kwa abale
amene mwina anagona kalekale.
Kumjigo munkandandalika zigubu ngati ana pa asembule,
wolowerera mzere ankabwerera yekha.
Buku la sosaite ya maliro linkagona kumutu kwanu:
wapereka, sanapereke, watisiya.

Dzulo amayi a Mvano anabwera nalo bukulo.
Akuti dzina lanu ndilembe ine.
M'chikwama mwanu ndinapeza khadi la kuchipatala,
maswiti awiri a adzukulu,
ndi cholembera chija.
Chinali chitauma.

Ndinachiuzira mpweya monga munkachitira,
ndinakanda, ndinakandanso,
mpaka dzina linatuluka, lotuwa mbuu,
koma ndi "l" wake.