Mbali ya Kumanzere

Linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala,
dzuwa la ku Bangula litayamba kale kuliza malata.
Ndinamwa madzi, madzi anatsikira pachibwano.
Ndinamwanso. Anatsikanso.
Dominga anati, Amayi, mukundinyogodola?
Tsaya la kumanzere linali litagona osanditsanzika,
diso likukana kutseka
ngati chitseko chofufuma madzi osefukira ataphwa.

Pamsika pomwe ndimayala makakana ndi milamba youma
anthu anapeza nkhani.
Wina anati ndinaponda pamphambano.
Wina anati ndi mkazi uja wa kwa Tengani.
Mayi Alufandika ogulitsa mchere sananene kanthu,
anangosamutsira mpando kudzanja langa lamanja
kuti azicheza ndi theka lomwe limayankha.

Miyezi khumi ndi inayi. Mapiritsi, kutikita, mapemphero.
Kenako Zuze anagulitsa mbuzi ziwiri pa Ngabu,
tinadutsa nzimbe za ku Nchalo, mlatho, Thabwa,
msewu wokhotakhota uja makutu akutsekeka,
mpaka ku Blantyre.

Dokotala anali wamsinkhu wa mwana wanga, wa zala zozizira.
Anati kwezani nsidze. Inakwera imodzi.
Anati imbani mluzu. Zuze anaseka, kenako anazolika.
Papepala anajambula nkhope yopanda dzina,
mzere wowongoka pakati pake,
nayamba kutchula njira ngati kondakitala wotchula masiteji:
titha kutenga kamnofu pantchafu panu,
tikasokerere m'tsaya kuti kazikoka mlomo m'mwamba;
titha kuika kachitsulo ka golide m'chikope,
kakang'ono ngati njere ya thonje,
kuti diso lizigwa lokha mukagona;
kapena jakisoni kumbali yabwinoyi,
tiifooketse pang'ono, ziwirizi zifanane.

Apo ndinamudula.
Mufooketse yamoyo kuti ifanane ndi yakufa?
Anati sinafe, yangosiya kumva kuitana.
Anatchula mtengo.
Ndinawerenga mbuzi m'mutu, khola linatha,
ndinayamba kuwerenga za achimwene.

Pobwerera ndinakhala kuwindo,
diso losatsekali likumwa fumbi la aliyense.
Titayamba kutsika phiri chigwa chonse chinayalika pansi,
Shire ali pakati ngati mzere wa dokotala uja,
koma wokhota.
Mtsinje umenewu ndimaudziwa.
Umadya gombe lino n'kukalavula mchenga tsidya,
unanyamula dimba la bambo anga ku Makhanga
n'kukapatsa anthu omwe sitinawaonepo.
Palibe chaka chimene magombe ake anafanana.
Sindikunena kuti zinanditonthoza.
Mtsinje sujambulitsa chithunzi cha chiphaso,
sudzaima kutsogolo pa ukwati wa mwana wake.

Golideyo ndikumufuna, ndisaname.
Ndatopa kugona ndi kansalu konyowa pankhope,
ndatopa kulondera denga ndi diso limodzi
linzake likulota.
Ndipo ndimaseka ndekha, ndi theka lomwe limatha:
ine Joakina wa nsomba,
golide woyamba m'banja mwathu
adzakhala wosokereredwa pomwe munthu sangamuone.

Za ntchafuzo ndikuganizabe.
Thonje likagulidwa bwino, mwina.
Zuze akuti mwendo umenewo ndi womwe umapalasa njinga,
nanga ukayamba kumwetulira adzakafika ndani ku dooko?

Jakisoni ayi.
Mbali iyi ndiyo yatsala ikugwira ntchito ya awiri.
Imatsatsa malonda, imakalipira ana,
inalira yokha pamaliro a mlamu wanga
inzake ili phee ngati mlendo.
Siinalakwe.

Dzulo Dominga anabwera pamsika ndi foni yobwereka.
Anati, Amayi, tembenukirani uku, kumbali yabwino.
Ndinapukuta manja pachitenje,
ndinamupatsa nkhope yonse, magombe onse awiri.
Jambula, ndinatero.
Fulumira, ntchentche zikutera pansomba.