Wosoka Mapiko

Munabwera ndi jekete lija pamkono, Bwana Trevani,
tsiku lomwe mwera unasasula denga la sitolo ya Mmwenye,
n'kuti: Che Sumani, chotsa mabataniwa.
Ine singano ili pakamwa. Sindinayankhe.

Tinadziwana kale, pa nkhondo ya Jeremani,
inu ndevu zisanaganize zomera,
ine atanditenga kwa Mponda pa mtengatenga,
bokosi la zipolopolo litandilowetsa khosi m'mapewa.
Sajeni wina anandiona ndikuika chigamba pa kabudula
nati, uyu apite ku ndege.

Ndege yake!
Timatabwa, timawaya, ndi nsalu.
Ndinaseka mpaka kukhala pansi.
Ndinati azungu apenga,
akukweza mwana wa eni pa chirundu.
Usiku tinkailondera ngati nkhokwe
kuopa chiswe.

Munkanyamuka tambala asanatsirize mawu,
mafuta a nsatsi akukuwazani kumaso,
ndipo mukatera, fumbi lisanakhazikike,
ndinkayenda pansi pa phiko kuwerenga mabowo ndi chala.
Anayi Lachiwiri.
Khumi ndi atatu tsiku la Idi,
limodzi litaphonya ntchafu yanu ndi chikhatho chokha.
Ndinkasoka. Munkang'ambitsa. Ndinkasokanso.
Palibe anandipatsa nyota chifukwa cha msoko,
koma palibenso msoko wanga unamasuka m'mitambo.

Za ku Falansa munandiuza kamodzi,
malungo atakugwirani, mukuyesa ndine mbale wanu.
Munagwetsa asanu ndi mmodzi kumeneko.
Anakupachikani mendulo, anakujambulani m'nyuzi,
anakukwezani paudindo kawiri chaka chimodzi.
Asanuwo munati anali utsi chabe.
Womalizayo anali ndi nkhope,
ndi mpango wofiira m'khosi,
ndipo moto utafika kumsana kwake
anakukwezerani dzanja
ngati munthu wotsanzika pa doko.

Nkhondo itatha anzanu anakwera sitima kupita kwawo.
Inu munatsikira kuno,
kudzawerenga mabelo a thonje m'mphepete mwa Shire,
pensulo kukhutu, zaka makumi atatu.
Ana anakutchani Che Chijuni,
mbalame yoyenda pansi.
Mukadutsa pa nsanja ya wotchi
simunkakweza maso kuona nthawi,
munkafunsa wogulitsa mandasi.
Ndege ya makalata ikalira kumwamba
tonse tinkathamangira pabwalo,
inu munkalowa pakhonde panga
kufunsa mtengo wa khaki
amene simunagulepo.

Ndiye tsiku lija ndinadula ulusi.
Mabatani asanu ndi limodzi, amkuwa, olemera.
Manja anu ankanjenjemera, sanathe kuwatola.
Munawasiya pa makina, munatenga jekete lopanda pomanga,
munatuluka mphepo ikulikupiza
ngati likufuna kukumbuka kanthu.

Anakuikani kumanda a azungu mwezi wa Okutobala,
mbendera pabokosi, asilikali atatu akuwombera m'mwamba.
Ndinaima kunja kwa mpanda.
Ndinati mumtima, mwambamo mwawomberedwa mokwana,
mulekeni munthu agone.

Mabataniwo sanakhalitse.
Limodzi lili pa malaya a mwana wa sukulu ku Chimwala,
awiri pa jasi la mlonda wa chipatala,
ena sindikudziwa, kasitomala sasankha.
Chimene ndasunga ndi kansalu ka phiko,
kouma ngati chikopa cha chambo,
kabowo kali pakati, m'mbali mopserera.
Ndimabayapo masingano anga.

Ntchito ikachepa, masana,
ndimazula masinganowo, ndimakaika padiso,
kusuzumira kumene munkapita.
Mulibe kanthu, Bwana.
Mphamba mmodzi akuzungulira pamwamba pa msika,
akudikira wa nsomba ayang'ane kumbali.