Batani Lasamuka

Usiku wa Lamlungu, ife tili mtulo,
anyamata a ku Seoul anasesa m'pulogalamu yathu.
Akuti munadzaza zinyalala.
Lolemba naini koloko, msika wa masheya utangotsegulidwa,
foni yanga kuno ku Busan inayamba kulira
ngati khanda logonekedwa pa linthumbu.

Oyamba anali bambo Ok Dong-su,
amene ananyamula makontena padoko zaka makumi atatu
osagwetsapo ngakhale imodzi.
Moni sanapereke.
"Batani logulitsira mwaliika kuti?"
Ndinawerenga zomwe anatilembera papepala:
dinani timizere titatu pakona yakumanja,
kenako Malonda, kenako...
"Kenako mtengo wagwa, mwana iwe!
Ndikuuona ukutsika masitepe
iwe uli pakalapakala ndi pepala lakolo."

Mayi Pyo Gyeong-ae,
ophika msuzi kuseri kwa msika wa nsomba,
anati chala chawo chinapita komwe chimapita masiku onse,
kumunsi chakumanzere,
n'kugula pomwe iwo amafuna kugulitsa.
Masheya mazana awiri a kampani yokhoma zombo.
"Ine uthenga wanu ndinauwerenga," anatero.
"Koma chalachi munachiuza?"

Ena anatukwana. Ena analumbira kuti asamuka ndi ndalama zawo.
Mnyamata wina wa pakoleji anaimba kungonena kuti zakongola,
ndipo ndinamusunga pafoni mphindi ziwiri zapadera
kuti khutu lipumeko.

Pakhoma amatapo chikwangwani:
ZOSAVUTA. ZOYERA. ZAMAKONO.
Kunsi kwake khofi wanga wazizira kachitatu.

Cha m'ma thuu koloko kunabwera mawu otsika,
a bambo Seol, dzina loyamba sindinalimve.
Za batani sanafunse.
"Kumanja kunali kabokosi ka mayina khumi ndi awiri.
Anakakonza ndi malemu mkazi wanga.
Sanatsate zilembo, sanatsate mitengo,
anangondandalika monga mtima unamuuzira:
kampani ya sopo pamwamba, chifukwa cha fungo,
ya mabasi pansi penipeni
chifukwa inamuchedwetsa ku ukwati wa mng'ono wake.
Lero mwawafoletsa bwinobwino ngati asilikali.
Onse alipo, sindikunama.
Koma lachinayi linali liti?
Ndakhala ndikuyesa kuyambira m'mawa."

Ndinatembenuza pepala.
Yankho la batani lilipo,
la mitundu lilipo, la mawu achinsinsi oiwalika lilipo.
La dzina lachinayi palibe.
Ndinati ndilemba dandaulo lawo, nambala yake 4471.
Anaibwereza pang'onopang'ono
ngati akuilemba pachikhatho,
anathokoza, n'kudula.

Hafu pasiti filii msika unatsekedwa.
Manambala ofiira ndi abuluu anaima chilili pomwe anali,
mafoni anakhala chete limodzi ndi limodzi.
Abwana anadutsa akutigawira timabisiketi:
"Limbani mtima. Milungu itatu yokha,
zala ziphunzira njira yatsopano, aiwala onsewa."
Akudziwa zomwe akunena, anaziona kale kawiri.
N'chifukwa chake bisiketi yanga sinatsike kukhosi.

Lachisanu mayi Pyo anaimbanso.
Zombo zija zakwera, apindula mosayembekezera,
agula firiji.
Ndinati zikomo poti zakuyenderani.
"Zandiyendera chiyani? Ndalamazo ndi za ngozi.
Bwezerani batani langa pamalo pake,
ndiziluza ndekha, ndi dzanja langa, ndikudziwa."

Dandaulo 4471 likadali pamzere.
Ndimalitsegula m'mawa uliwonse ndisanavale mahedifoni.
Pamalo olembapo mtundu wa vuto
pali zosankha zisanu ndi chimodzi,
ndipo ine ndinasankha Zina.

Madzulo ndikafika kwathu, nsanjika yachisanu ndi chinayi,
ndimalowa mumdima, zikwama m'manja,
chigongono changa n'kupeza swichi chokha
osandifunsa.
Ndimaima pang'ono m'kuwalako
ndisanavule nsapato.