Khutu la Bambo

M'galaja ya bambo anga, kuseri kwa msika wa Cicadas,
mvula ya ku Bandung ikangokata
timayala maekizozi atatu pa katoni yonyowa.
Yoyamba ndi yamimba, yakuda, yochokera ku Surabaya.
Yachiwiri ndi yopyapyala, yoti mbee,
mtengo wake lendi ya miyezi iwiri.
Yachitatu anawotcherera okha a Sutisna, bambo anga,
msoko wake wokhotakhota ngati chipsera cha opaleshoni.

Sikuta ndi ya Rukmana, mnyamata wa kubanki.
Thupi lake ndi lamakedzana, mbina yobulungira,
utoto wa dzira la bakha,
koma injini ndi ya chaka chatha.
Akuti imayenda ngati ikupepesa.
Akufuna anthu azicheuka.

Bambo anasiya kumva ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.
Kuweramira injini zolira
kunawadya makutu monga dzimbiri lidyera bawuti,
mwakachetechete, mzere ndi mzere.
Ndiye khutu lawo ndine.

Muyeso wathu ndi chitunda cha msewu wa ku Lembang:
kuyambira pa geti lobiriwira la mzikiti
mpaka pa benchi ya mayi wogulitsa chimanga chootcha.
Wotchi ndaimanga pa chiwongolero ndi mphira.

Yamimba ija ndi yaulesi poyamba,
ili ngati munthu wodzutsidwa kutulo,
koma pakati pa chitunda imakumbuka dzina lake.
Masekondi makumi asanu ndi awiri.

Yonyezimira,
ha!
Agalu a msewu wonse anandiperekeza.
Khanda linalira pakhonde, agogo ake anandiloza chala.
Inadula masekondi atatu, inde,
koma titamasula pulagi
inatuluka yotuwa ngati phulusa.
Bambo anainunkhiza, anapukusa mutu:
injini ili ndi njala, idzadzidya yokha.

Yachitatu sinathamangire aliyense.
Inangokoka, kukoka, kukoka,
osatsamwa pa giya, osadzitama pa kona.
Masekondi makumi asanu ndendende.
Pulagi yake mtundu wa khofi wothira mkaka.

Ndinawapatsa kope la manambala.
Analikankhira pambali ndi chala chamafuta.
"Euis, zimenezo ndaziona.
Ikulira bwanji?"

Ndinaluma pensulo.
Mawu a chitsulo ungawalembe bwanji
kwa munthu amene anachipinda ndi manja ake?
Ndinalemba kuti: ikumveka ngati inu,
mukamakonza kukhosi m'bandakucha
musanayambe kuswali.
Anawerenga kawiri.
Anaseka mokweza kwambiri,
kuseka kwa munthu wosadzimva.

Rukmana anabwera dzuwa litapendeka,
nsapato zake zikuzemba madontho a oyilo.
Manambala anawayang'ana mwaulemu,
pulagi yotuwa anaigwira ndi nsonga za zala,
kenako anasankha yonyezimira.
Bambo sanatsutse. Anamanga.
Anakulitsa jeti kuti injini isapse,
ndalama ya jetiyo sanamuuze n'komwe.
Ananyamuka, malata a galaja akunjenjemera.
Ine ndinatseka makutu. Bambo anangoona utsi.

Usiku uno chitseko tatseka theka.
Yachitatu ija aimanga pa sikuta yawo yakale,
imene inanyamula mayi tsiku la ukwati
ndi tsiku lomaliza lopita kuchipatala.
Aiponda kamodzi. Yadzuka.

Atenga sikuludiraiva yaitali,
nsonga aikhazika pa injini,
chigwiriro achikanikiza pa fupa la chibwano,
maso atseka.
Phokoso likukwera chitsulo,
likulambalala makutu akufa,
likulowera m'mano.

Ine ndaima pakhomo ndi kope langa,
ntchito yandithera.
Mvula yayambiranso.
Chala chawo chikuwonjezera moto pang'ono,
chikubweza,
chikuwonjezeranso.